Batire ya sola ya 100Ah yomwe ndinagula pa Chitakale

Ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo n'za mayi eni shopu, mnyamata wawo wa pakauntala alibepo yake.

Batire yake ndi ija yothira madzi, mtengo mukudziwa kale momwe wakwerera. Ine ndimameta komanso kutchajitsa mafoni ku Limbuli, ndiye batire ikafa, poto kunyumba sakhala pamoto. Miyezi yoyamba inkagwira bwinobwino. Chiperoni chitangoyamba mu June, ikamakwana 6 koloko madzulo inveta, ija imasandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, inkayamba kulira, mashini n'kuima kasitomala atametedwa mbali imodzi.

Nditaibweza, mnyamatayo sanaiyeze n'komwe. "Bambo, mwaipha nokha, kunjaku kulibe dzuwa." Akuyankhula choncho maso ali pa foni. Inde, chiperoni chimafooketsa sola, ndani sadziwa kuno ku Mulanje? Koma batire yodzadza imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6, pomwe yanga, ngakhale itagona pa tchaja ya magetsi usiku wonse, inkatsikira pa 10.5. Ndinamuuza zimenezi, iye n'kungoti waranti siikhudza "kusasamala". Kusasamala kwa ndani?

Amene anandimasulira ndi fundi wa mabatire ku Luchenza. Anakoka madzi m'maselo onse 6 (tizipinda ta m'kati mwa batire) ndi hydrometer, kachipangizo koyezera mphamvu ya asidi, ndipo a selo imodzi anatuluka abulauni, a matope. Akuti kufakitale amasakaniza ufa wa mtovu, asidi ndi madzi n'kupanga phala, kenako amalimata pa mapuleti a mabowomabowo. Phalalo likalimba kwambiri sililowa bwino m'mabowo. Likachuluka madzi limauma losagwirana, ndipo limayamba kuyoyoka msanga. Zoyoyokazo zimaunjikana pansi mpaka zitakhudza mapuleti a mbali zonse ziwiri, selo n'kuchita shoti. Anati ndikanakhala kuti ndimaiphwetsa mopitirira muyeso, maselo onse akanafooka limodzi, osati imodzi yokha pa batire yatsopano chonchi.

Ndinabwereranso ndili wokonzeka kukangana, koma ndinapeza mayiwo. Anaona risiti, anatenga mita n'kuyeza okha, ndipo sanachulutse mawu. "Pepani bambo, tengani iyi." Anandiwonjezera botolo la madzi a batire n'kundikumbutsa kuti ndisamathire a pa mjigo. Apa mtima unatsika ndithu. Yatsopanoyi ikufikitsa usiku ngakhale kuchite mitambo tsiku lonse.

Mnyamata uja ndiye ananyamula batireyo kukaika pa kabaza, nkhope ili gwa, osanena n'kamodzi komwe kuti analakwitsa. Mukapitako ndi vuto, funsani mayiwo. Amapezeka masana.