Mabuku a nthano owerenga munthu utatopa

Pali mabuku amene amafuna kuti ukhale tsonga, mutu uli m'malo mwake, mwinanso cholembera chili m'manja. Amenewo ali ndi nthawi yake. Ine pano ndikunena za mabuku owerenga maso akulemera, pamene ukungofuna nkhani yoti ikutenge kwa mphindi 30 usanagone, mawa n'kupitiriza osadzifunsa kuti kodi uje uja anali ndani. Buku lotere ndimaliyesa ndi zinthu ziwiri: machaputala akhale aafupi, ndipo mukhale anthu oti ndingafune kukumana nawonso mawa. Anayi amene ndamaliza posachedwapa ndawawerenga m'Chingerezi, ndipo monse muli anthu akufa. Koma musathawe, ndaseka m'onse anayi.

Ndiyambe ndi limene ndingapatse munthu aliyense popanda kumufunsa zomwe amakonda: The No. 1 Ladies' Detective Agency la Alexander McCall Smith, lomwe linatuluka mu 1998. Ndi lakale ndithu, ine ndi amene ndachedwa kulipeza. Nkhani yake ikuchitikira ku Gaborone, m'dziko la Botswana. Mma Precious Ramotswe, bambo ake atamwalira ndi matenda a m'chifuwa omwe anawatenga kumigodi ya ku South Africa, amagulitsa ng'ombe zimene anamusiyira n'kutsegula ofesi yofufuza nkhani zachinsinsi. Katundu wake ndi wochepa: madesiki awiri, makina otayipira akale, kagalimoto koyera, ndi mlembi wake Mma Makutsi, yemwe safuna kuti wina aiwale zoti kusukulu ya zaulembi anakhoza ndi 97 peresenti.

Milandu yake si ya mfuti ndi kuthamangitsana pagalimoto. Mayi wina amabwera kudzadandaula kuti kunyumba kwake kwafika mkulu wina yemwe akuti ndi bambo ake amene anasowa kalekale, ndipo akungokhala, kudya ndi kumutuma. Mma Ramotswe amavala yunifolomu ya namwino, n'kupita kwa mkuluyo akuthamanga, kukamuuza kuti mwana wake wachita ngozi ndipo pakufunika magazi ambiri a bambo ake omubereka, ambiri moti wopereka akhoza kufa. Mkuluyo pomwepo ubambo unamuthera. Ndinaseka ndekha mpaka kubwerera kukawerenganso tsambalo. Nzeru za mayiyu ndi zotere m'buku lonse: amadziwa anthu, amadziwa pamene munthu wabodza angatererekere, ndipo safulumira.

Anthu ena amati bukuli n'lozizira kwambiri, ndipo ndikuwamvetsa. Ngati mukufuna kuti mtima uzigunda, pano mugona. Wolemba bukuli amakonda kuima pakati pa nkhani n'kuyamba kuyamikira Botswana, ng'ombe ndi khalidwe la makolo, ndipo nthawi zina zimatsekemera mopitirira. Koma musaganize kuti mulibe zowawa. Muli mbiri ya banja loyamba la Mma Ramotswe ndi Note Mokoti, woimba lipenga wankhanza, ndiponso nkhani ya mnyamata wosowa yokhudza asing'anga, yomwe imayenda pansipansi mpaka kumapeto. Ubwino wina ndi wakuti mlandu uliwonse umatha m'chaputala chimodzi kapena ziwiri, choncho ukhoza kulisiya sabata yathunthu osataya kanthu. Mukalikonda, mabuku otsatira alipo opitirira 20, ndipo a J.L.B. Matekoni, makaniko wofatsa wa pagalaja ya Tlokweng Road Speedy Motors, amayamba kuoneka kwambiri m'menemo.

Lachiwiri ndi limene ndinalimaliza mofulumira kuposa onse: My Sister, the Serial Killer la Oyinkan Braithwaite wa ku Nigeria, la 2018. Dzina lake likuopsa, ndipo nkhani yake ndi yomweyo. Korede ndi namwino pachipatala china ku Lagos, munthu waukhondo wodziwa mankhwala ochotsera dontho lililonse. Mng'ono wake Ayoola ndi chiphadzuwa, wosoka ndi kukonza zovala, ndipo ali ndi chizolowezi chopha zibwenzi zake ndi mpeni wa malemu bambo awo. Akapha amaimbira foni mkulu wake. Buku likamayamba n'kuti ali pa wachitatu, mnyamata wolemba ndakatulo dzina lake Femi, ndipo awiriwa amakataya mtembo wake m'madzi kuchokera pa mlatho wa Third Mainland.

Choseketsa si kuphako ayi, koma mmene Korede amafotokozera, ngati munthu wodandaula kuti mng'ono wake wasiyanso mbale zosatsuka. Amachita kumuletsa Ayoola kuika zithunzi zachisangalalo pa Instagram pamene abale a Femi akumufunafuna. Alibe womuuza zakukhosi, ndiye amakakhala pambali pa bedi la wodwala wina yemwe ali chikomokere, n'kumamuululira zonse. Inu mukuganiza kuti wodwalayo akhala chigonere mpaka kalekale? Zinthu zimafika povuta Ayoola atabwera kuchipatala n'kuonedwa ndi Tade, dokotala amene Korede wakhala akumufuna mumtima kwa nthawi yaitali. Apa ndi pamene bukuli linandigwira, chifukwa funso silikhalanso loti apolisi agwira ndani, koma loti mwana woyamba kubadwa, amene anakula akuuzidwa kuti aziyang'anira mng'ono wake, angapirire mpaka pati. Amene munabadwa oyamba mudzadziona penapake, ngakhale mng'ono wanu sanaphepo ngakhale nkhuku.

Machaputala ake ena ndi a tsamba limodzi, ena sadzaza n'komwe tsamba. Umangoti limodzi lokha, limodzi lokha, kenako wapezeka uli pakati pa buku. Linalowa pa mndandanda woyamba wa mphoto ya Booker mu 2019, koma zimenezo zisakuchititseni mantha, Chingerezi chake n'chosavuta. Mathero ake sanandikhutitse. Ndinatseka buku ndili ndi kaukali, ndipo mpaka pano sindinamukhululukire Korede. Muli nkhani ya bambo wankhanza kwa ana ake, choncho amene zoterezi zimawakumbutsa mabala, ayambe ndi la Mma Ramotswe.

The Thursday Murder Club la Richard Osman, la 2020, ndi la ku England. Okalamba anayi okhala pamudzi wa anthu opuma pantchito wa Coopers Chase amakumana Lachinayi lililonse kukambirana milandu yakale yakupha imene apolisi anailephera. Elizabeth anali kazitape, Joyce anali namwino, Ibrahim anali dokotala wa matenda a maganizo, Ron anali mtsogoleri waphokoso wa bungwe la ogwira ntchito. Kenako womanga nyumba wina, Tony Curran, amaphedwa pafupi pomwepo, ndipo agogo athuwa amalowerera. Chida chawo chachikulu ndi ukalamba womwewo. Palibe amene amawakayikira, ndipo akafuna kanthu kwa wapolisi wachitsikana Donna De Freitas amanamizira kuiwala kapena kusamva bwino.

Zigawo zimene ndinkazidikira ndi za Joyce, zolembedwa ngati buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku, momwe amatha kusiya nkhani ya mtembo n'kuyamba kukamba za mwana wake wamkazi yemwe samuimbira foni. Vuto la bukuli ndi kuchuluka kwa anthu. Pofika pakati, okayikiridwa achuluka, zinsinsi zakale zikutuluka mbali zonse, ndipo ukalisiya masiku angapo umabwerera uli mlendo. Nthabwala zina ndi za Angelezi okhaokha, za masitolo ndi mapulogalamu a pa TV akwawo, ndipo zinangondidutsa. Komabe mmene Elizabeth amasamalira mwamuna wake Stephen, yemwe wayamba kudwala matenda oiwala, zinandikhudza kuposa mlandu weniweniwo. Ili muliwerenge motsatizana, masiku amene muli patchuthi.

Lomaliza ndikulitchula ndi mitima iwiri. The Hundred-Year-Old Man Who Climbed Out of the Window and Disappeared la Jonas Jonasson linatuluka m'chilankhulo cha ku Sweden mu 2009. Allan Karlsson, pa tsiku lokwanitsa zaka 100, amatulukira pawindo la nyumba yosungira okalamba atavala masilipasi, kuthawa phwando lake lomwe. Pokwerera basi mnyamata wina wamwano amamusungitsa sutikesi kuti alowe kuchimbudzi, basi n'kufika, Allan n'kukwera nayo. M'katimo muli ndalama za zigawenga, makrona (ndalama za ku Sweden) 50 miliyoni. Panjira amatola anzake, kuphatikizapo Benny, yemwe anaphunzira pafupifupi maphunziro onse a kuyunivesite osamalizako ngakhale amodzi, ndi njovu yotchedwa Sonya. Mbali imeneyi ndi yokoma kwambiri.

Koma chaputala china chilichonse mlembi amabwerera m'mbuyo kukafotokoza moyo wa Allan kuyambira 1905, katswiri wa zophulitsa amene mwangozi anakumana ndi atsogoleri a mayiko monga Franco, Truman, Stalin ndi Mao, n'kuthandizanso kupanga bomba la atomiki ku Los Alamos, ku America. Poyamba zimaseketsa. Akafika pa mtsogoleri wachinayi umakhala utadziwa kale kuti amwa naye mowa, anena chinachake mosasamala, mbiri ya dziko n'kusintha. Nthabwala ndi imodzi yomweyo, masamba pafupifupi 400. Amene amakonda mbiri ya nkhondo zikuluzikulu za m'zaka za m'ma 1900 adzapezamo zambiri zowasangalatsa kuposa ine.

Wina akakuuzani kuti The Secret Lives of Baba Segi's Wives la Lola Shoneyin, la 2010, nalonso ndi lopepuka, mumvereni theka. Ndi nkhani ya mitala ku Ibadan, ya bambo wodzitama ndi ana ake amene amakwatira mkazi wachinayi, Bolanle, wophunzira mpaka kuyunivesite. Limaseketsa zedi, makamaka akazi aakuluwo akamamupangira upo mnzawoyo, koma muli kugwiriridwa ndi imfa ya mwana. Ndi buku labwino, loyenera kuwerengedwa masana.

Kwa amene atenga la Jonasson, machaputala a moyo wakale wa Allan mukhoza kuwadumpha akayamba kukutopetsani. Nkhani ya sutikesi, zigawenga ndi njovu imamveka bwinobwino payokha, kupatula kumapeto kwenikweni komwe mnzake wina wakale wa ku Bali amadzathandiza, ndipo mlembi amakukumbutsani kuti ndi ndani.