Word, Google Docs, LibreOffice kaya Scrivener, buku lanu mulikonzere pati musanatumize?

Anzanga olemba, ine zinayi zonsezi ndazigwirako ndiye ndingokuuzani mmene ndaonera. Ofalitsa mabuku ambiri safuna zokongoletsa ayi, amafuna Times New Roman saizi 12, mizere yotalikirana ya double spacing, m'mbali monse 2.54 cm, ndime iliyonse iyambe molowa mkati 1.27 cm, chaputala chatsopano pa peji yatsopano, pamwamba dzina lanu la bambo ndi mutu wa buku ndi nambala ya peji. Fayilo ya .docx. Basi. Koma ngati iwowo alemba zawo zomwe akufuna, tsatirani zawozo.

Word ndiye mwini filimu, palibe zokambirana. Ctrl+2 mizere yatalikirana, Ctrl+Enter mwadumphira peji ina, ndipo mkonzi akamakubwezerani buku ali ndi Track Changes, yoonetsa zimene wasintha, zonse zimaoneka bwinobwino. Vuto lake ndi ndalama basi, komanso imalemba mzere wofiira pansi pa mawu aliwonse a Chichewa mpaka peji kuoneka ngati yathiridwa tomato, zimitsani spelling check mupume.

LibreOffice ndi yaulere ndipo sifuna intaneti, ine ndimaikonda. Chenjerani ziwiri. Imasunga mu .odt mukapanda kusankha nokha .docx, ndiye Ctrl+2 uja kuno sitalikitsa mizere, imasandutsa ndime yanu kukhala Heading 2, tsiku lina ndinadabwa ndime yonse yasanduka zilembo zikuluzikulu ndimvekere kompyuta yapenga.

Google Docs ndi yabwino polemba, makamaka kwa ife amene magetsi amatithawira pakati pa chiganizo, imasunga yokha ndipo mutha kupitiriza pa foni muli mu minibasi. Koma buku likatalika imayamba kukoka miyendo, bandulo nayo ikupita. Ndipo kulemba mosinthasintha foni ndi laputopu kuli ndi kavuto kena komwe ambiri sakaona, kachizindikiro ka m'mawu ngati ng'ombe, m'nyumba, n'chifukwa, kamatha kutuluka koongoka apa kopindika apo, ndiye Chichewa chathu mmene chadzadzira timeneti mkonzi amaona msanga. Mukadawuniloda .docx itseguleni mu Word kapena LibreOffice, Find and Replace, tizizindikiroto tifanane tonse.

Scrivener ndi ya Literature and Latte, ndiyogula, koma amakupatsani masiku 30 oyesera ndipo amawerenga masiku okhawo amene mwaitsegula. Pa novelo yaitali ya machaputala ambirimbiri ndi dhilu, mumasuntha zigawo ngati makadi, kenako Compile imakutulutsirani buku lonse mu fomati yotumizira. Koma kuti muizolowere Compile imeneyo pamafunika mtima, ine inandidyera Loweruka lathunthu, ndipo pamapeto ndinatsegulabe mu Word kuti ndione ngati zili bwino. Nkhani yaifupi ya mapeji khumi musavutike nayo.

Chomwe chimaononga mabuku ambiri si pulogalamu koma zala zathu. Kumenya space kasanu kuti ndime ilowe mkati, kumenya Enter kakhumi kuti chaputala chipite peji ina, pa kompyuta yanu zimaoneka bwino koma mkonzi akangosintha fonti zonse balala. Ikani indent, kulowa mkati kwa ndime kuja, mu Paragraph settings kamodzi kokha.

Ine pano ndimalembera mu Docs, kumalizitsa mu LibreOffice, ndiye ndimapempha laputopu ya mlamu wanga ili ndi Word kuti ndione komaliza ndisanadine send.