Dungeons & Dragons pakhonde pathu ku Likhubula: ine wanga ndi bard

Madayisi anga oyamba ndinawapeza chifukwa cha chiperoni. Ndimaperekeza alendo m'phiri la Mulanje, ndiye ulendo wina chifunga chinatitsekera masiku awiri m'kanyumba ka pa Chambe, ine, anyamata awiri onyamula katundu ndi mlendo wina wachikulire. Mkuluyo anatulutsa buku lothaitha ndi kathumba ka madayisi achilendo, ena a mbali 4, ena 8, ena 12, lina la mbali 20, n'kutiphunzitsa masewerawa tikuwotha moto. Titatsika anandisiyira zonse. Bukulo linali Player's Handbook ya 1989, buku la malamulo a masewera a Dungeons & Dragons. Chaka chatha alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandibweretsera ya 2014, yogula kwa munthu amene anatopa nayo, ndipo tsopano tasewera mabuku onse awiri mokwanira moti ndingathe kunenapo maganizo anga.

Kwa amene sanaonepo: munthu mmodzi amakamba nthano, ena onse aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo, ndipo ukafuna kuchita chinthu chovuta umaponya dayisi la mbali 20. Mkangano waukulu umakhala posankha ntchito ya munthu wakoyo. Pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson ankatulutsa masewerawa mu 1974, ntchitozo zinali zitatu zokha: wankhondo, wamatsenga ndi wansembe. Wakuba anabwera mu 1975. Buku la 2014 lili nazo 12.

Mphwanga ndi amene anamva kuwawa kwa buku lakale. Iye ankafuna wizard basi. M'buku la 1989 wamatsenga amayamba ndi tsenga limodzi patsiku ndi moyo wa dayisi la mbali 4 (moyo ndi nambala imene imachepa akamavulazidwa, ikatha wafa). Anaponya, kunatuluka 2. Anagoneka adani atatu ndi tsenga lakelo, ife tinawomba m'manja, kenako wachinayi anamugenda ndi mwala umodzi, mnyamata n'kufa ndiwo zisanapse n'komwe. Anakhala usiku wonse akutiwotchera chimanga. M'buku la 2014 wizard amayamba ndi moyo 6 kuphatikiza mphamvu za thupi lake, ndipo ali ndi timatsenga ting'onoting'ono monga Fire Bolt timene satha. Pamenepa buku la 2014 lachita bwino. Lachotsanso masamu a THAC0 aja, oti ukafuna kudziwa ngati wamenya mdani uzichotsera manambala, komanso zida zodzitetezera zolimba kwambiri zizikhala ndi nambala yaying'ono. Pano umangowonkhetsa, ikakwana yakwana.

Anthu amaganiza kuti poti ndine wa m'phiri ndiye ndimakonda ranger, mlenje wodziwa tchire. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma ranger wa 2014, akakhala m'dera limene analisankha, gulu lake silingasochere pokhapokha patakhala matsenga. Nanga kukoma kwa phiri kuli pati? Ine ndayendapo njira ya ku Sapitwa chifunga chitagwa, ukuona mwala wa patsogolo pako wokha, mtima ukugunda pakhosi. Nthano ya m'phiri imakoma pamenepo, ndiye lamulo limeneli limangodumpha ndime yokomayo. Ukasankhanso ranger woyenda ndi nyama, nyamayo siiluma mdani mpaka iwe utasiya kumenya kuti uyilamule. Galu wosaka wotani ameneyo?

Alamu ndi a fighter, wankhondo uja, ndipo sasintha. Ndi munthu wa bawo, salankhula zambiri, amafuna kuwerenga n'kumenya. Amakonda kuti pa levulo 2 (munthu wako amakwera malevulo akamapambana) amaloledwa kuchita zinthu kawiri motsatizana kamodzi asanapume. Warlock ndiye palibe amamukhudza kwathu kuno. Tsiku lina ndikumasulira mokweza kuti ameneyu mphamvu zake amazipeza pochita pangano ndi chiwanda kapena mzimu wina waukulu, mayi anatulukira pakhomo ndi chipande m'manja.

"Mwayamba zimenezo pakhomo pano?"

"Iyayi amayi, ndi nthano chabe, ngati za Kalulu."

"Kalulu sanapanganepo ndi chiwanda."

Tinawasonyeza cleric, wansembe wochiritsa anzake, amene m'buku la 1989 saloledwa ngakhale kugwira lupanga, amayenda ndi chibonga. Anati ameneyo yekha ndiye waulemu, n'kubwerera kukhitchini.

Koma ine wanga ndi bard, woimba ndi wolakatula, ndipo mbiri yake imandiseketsa. Mu 1978 anamuika kumapeto kwa buku ngati chowonjezera, ndipo kuti ukhale bard unkayenera kuyamba wakhala wankhondo, kenako wakuba, kenako n'kukaphunzira kwa ma druid, ansembe a zachilengedwe. Miyezi ndi miyezi ya kusewera usanagwire chingwe cha zeze. Mu 1989 anamulola kuyambira pa levulo 1, koma anali ngati mnyamata wa pamsika amene amakonza njinga pang'ono, kumeta pang'ono, kusoka nsapato pang'ono, wopanda chimodzi chimene angatamandike nacho. Matsenga ankayamba pa levulo 2. Ndinamusewera miyezi ingapo chifukwa cha liuma chabe.

Wa 2014 ndi munthu wina. Moyo wake ndi dayisi la mbali 8, matsenga amayamba tsiku loyamba n'kukafika mulingo wa 9 ngati a wizard, ndipo amachiritsa. Koposa zonse, akaimbira mnzake amamupatsa dayisi la mbali 6 loti awonjezere pa kuponya kwake, ndipo dayisilo limakula kukhala la mbali 8 pa levulo 5. Alinso ndi katsenga kotchedwa Vicious Mockery: umanyoza mdani, mawuwo n'kumupweteka ndithu, n'kumusokoneza pomenya. Ife tinaika lamulo lathu lapakhonde, loti sikokwanira kunena kuti "ndamunyoza". Unyoze zenizeni, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, anthu amve. Ukafuna kupereka dayisi, uimbe.

Loweruka lina tinakumana ndi chimphona pa mlatho. Mchemwali wanga, amene ndi mphunzitsi ndipo ndi amene amatikambira nthano, anali ataika nyemba zisanu patebulo kuimira ife ndi adani, chimphona chili chitsekero cha botolo. Alamu anali atatsala ndi moyo 3. Ine ndinaimirira, n'kuloza chitsekerocho: "Iwe mutu ngati chinanazi chokanika kugulidwa pa Chitakale, unasamba liti?" Chimphona chinaphonya. Kenako ndinatenga bangwe la malemu agogo, lotsala ndi zingwe zinayi, n'kuimba kanyimbo kopeka pompo kotamanda alamu kuti ndi nkhalamba yosagonja. Iwo anaponya, zonse pamodzi kunakwana 13, pomwe pankafunika 15. Ndinawapatsira dayisi langa pamwamba pa mbale ya mtedza, linagubuduka, linagunda nyali, n'kuima pa 2. Phokoso lake agalu a kwa aneba anauwa. Alamu, munthu wosaseka uja, anangoti, "Achimwene, imbaninso."

Palibe ntchito ina m'bukumu imene imakakamiza munthu kutsegula pakamwa chonchi, ndipo ife tinakula ndi "padangokhala" ndi "tili tonse". Ndi bard masewerawa amasiya kukhala masamu a azungu, amafanana ndi madzulo a kwa agogo. Mmodzi yekha amene ndimamusirira ndi warlord wa m'buku la 2008, mtsogoleri wa nkhondo amene amadzutsa mnzake wovulala pongomulimbikitsa ndi mawu, ngati kapitawo wa kuminda ya tiyi. M'buku la 2014 mulibe.

Zovuta za buku la 2014 zilipo. Ndi Chingerezi chokhachokha, masamba oposa 300, ndipo kumasulira tsenga limodzi kumatha nthawi yophikira nsima. Ndi lolemera, sindingakwere nalo phiri. Chinyezi cha kuno chimapinda masamba, moti ndimalisunga m'jumbo pamodzi ndi makadi a kuchipatala. Madayisi a mbali 20 sindinawaonepo pamsika wathu, lathu ndi limodzi lomwe lija la pa Chambe, timabwerekana. Amene akufuna kulawa kaye angayambe ndi malamulo achidule aulere amene anaikidwa pa intaneti mu 2014, muli cleric, fighter, rogue (wakuba uja) ndi wizard. Koma bard m'menemo mulibe, ndiye kwa ine bukuli n'loyenera ndalama zake.

Vuto langa pano ndi mwana wa mchemwali, wa Fomu 2. Wakhala akumvetsera pazenera, wapeka kale manyozo ake m'kope, ndipo akuti Loweruka likubwerali bangwe agwira ndi iyeyo, amalume akhale ranger.