Kandulo, foni kapena sola: chowerengera Baibulo m'bandakucha

Amayi anzanga a Mvano, ngakhalenso ena a Katolika amene timakumana ku banki m'khonde, akhala akundifunsa funso limodzi chionereni kangodya kopempherera kamene ndinakonza kuchipinda: kodi magetsi akathima, m'mawa muja mumawerengera chiyani? Ndiyankhe pano kuti aliyense amve.

Kangodyako sikovuta kukonza. Katebulo, chitenje choyala pamwamba, Baibulo, buku la nyimbo, kope lolembamo mayina a anthu amene ndikuwapempherera, ndi mkeka pansi. Pa Mateyu 6:6 akunena zolowa m'chipinda n'kutseka chitseko, koma ambirife chipinda chapadera tilibe, ndiye pakati pa bedi ndi zenera pakwanira. Chovuta ndi kuwala. Kupemphera mumdima kumatheka, kuwerenga ayi, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene dzuwa limachedwa kutuluka. Komanso Buku Lopatulika, lija anamasulira a William Murray ndi anzawo n'kutuluka mu 1922, makope ake ambiri ndi a zilembo zing'onozing'ono, pepala lopyapyala moti mawu a tsamba lakuseri amaonekera. Pamafunika kuwala kokhazikika.

Koloboyi musamuganizire n'komwe, utsi wake m'chipinda chotseka ungakudzutsireni chifuwa.

Kandulo ndiyankhule mwaulemu, chifukwa kwa abale athu a Katolika kandulo ya pafupi ndi mtanda ndi korona siyowerengera ayi, ndi mbali ya pemphero, ndipo ena amasunga yodalitsidwa ku tchalitchi pa 2 Febuluwale. Imeneyo ikhalepo. Koma kuidalira powerenga ndi nkhani ina. Lawi limagwedera, maso amatopa msanga, phula likadonthera pa tsamba silichoka, ndipo kangodya kakakhala pafupi ndi neti ya udzudzu kapena katani, kungosinza pang'ono mwagwada basi, ngozi yachitika. Mtengo wakenso umabisala. Imodzi imaoneka yotchipa, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, werengani zimene mwagula mwezi wonse muone.

Foni ndiye aliyense ali nayo. Pa YouVersion, pulogalamu ya pafoni yowerengera Baibulo, mabaibulo a Chichewa alipo, mukhoza kuwatsitsa n'kumawerenga popanda bandulo, zilembo n'kuzikulitsa mmene mukufunira. Kwa agogo amene maso ayamba kuvuta, imathandizadi. Ine sindiifuna pa katebulo kaja. Mwangotsegula Masalimo, uthenga wa maliro walowa pa gulu la WhatsApp, wina akukumbutsa za masheya, mukamazindikira madzi osamba a ana simunateleke ndipo simunapemphere.

Tsopano sola yangongole, ija amayenda nayo anyamata m'makomo, ya mababu angapo, wailesi ndi potchajira foni. Ambirife tinaitenga mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, magetsi n'kumathima tsiku lonse. Nanenso ndinatenga, ndipo babu limodzi ndinalikokera pa kangodya kanga. Kuwala kwake sindinganame, n'kwabwino kuposa zonse ndatchulazi.

Koma mmene imagwirira ntchito ndi umu. Mumapereka ndalama yoyamba, kenako muzilipira pafoni sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi. Mukalipira amakutumizirani manambala, mumawalowetsa pa kabokosi, magetsi n'kuyaka kwa masiku amene mwalipirawo. Masikuwo akatha, kabokosi kamadzitseka. Batire yadzaza, dzuwa lawomba tsiku lonse padenga panu, koma babu silikuyaka. Mnyamata wogulitsa uja anandiuza za ndalama ya pa sabata, yomwe inkamveka ngati ya tomato, koma sanaiwonkhetse kuti ndione chiwerengero chonse kufikira kumapeto kwa ngongole, chomwe chimaposa kutali mtengo wogula pakashi. Sanatchulenso kuti tsiku limene netiweki yavuta, manambala aja amachedwa kubwera, inu mutalipira kale.

Chimene chinandiwawa n'chakuti mwezi umene ndalama zinasowa m'nyumba, fizi itakumana ndi matenda, ndi mwezi womwewo umene ndinkafunitsitsa kudzuka usiku n'kutsegula Mawu. Ndiye mwezi umenenso kabokosi kanatseka. Munthu uli ndi nkhawa ya ndalama, wabwera pa malo oti utulepo nkhawazo, choyamba kukulonjera ndi kanyali kofiira kokukumbutsa ngongole. Ndinamaliza kulipira, kabokosi kanatsegukiratu, panopa kamawalitsa pabalaza ndi kukhitchini bwinobwino. Kwa banja la kumudzi kopanda magetsi, loti ana aziwerenga usiku, mwina ndi njira yokhayo yopezera sola yaikulu popanda kusonkhanitsa ndalama zambiri nthawi imodzi, zimenezo ndikuvomereza. Koma mtima wanga sunaikhululukire, ndipo kuchipinda ndinachotsako waya wake.

Chimene chili pa katebulo panopa ndi kanyali ka sola kakang'ono kogula kamodzi n'kuiwala, kokhala ndi kamwendo koimikira. Masana ndimakaika pazenera, m'mawa ndimakapendeketsa kuti kuwala kugwere pa tsamba osati kumaso kwa bambo a ana amene ali mtulo. Kalibe wailesi, sikatchaja foni ayi, sikadziwa ngati ndili ndi ndalama kapena ndilibe. Kofooka kake n'kamodzi: masiku a mvula yamvumbi kapena a chiperoni sikadzaza, ndiye muzikagwiritsa ntchito pa kuwala kochepa kuti kakufikitseni.

Musakasokoneze ndi matochi otchaja ku magetsi amene adzaza m'misika aja. Amawala kwambiri ali atsopano, pakapita miyezi yochepa batire yayamba kutha musanamalize chaputala, ndipo magetsi akathima nthawi yaitali mulibe kotchajira. Pogula ka solako, pitani ku shopu yoti ikupatsani risiti ndi pepala la waranti, ndipo mutenge Baibulo lanu lomwe, mukayatse pomwepo muone ngati zilembo zing'onozing'ono za m'munsi mwa tsamba zikuwerengeka. Amene mwaika kale mtima pa yangongole ija, muuzeni wogulitsayo akulembereni papepala ndalama zonse zimene mudzakhale mutapereka pomaliza, ndiponso chimene chimachitika mukadumphitsa mwezi, musanasaine chilichonse.