Matzah ya Pamanja ndi Matzah ya Makina

Pa Pasika Ayuda amadya matzah, mkate wopanda chofufumitsa. Madzi akangokhudza ufa, mkatewo upse mphindi 18 zisanathe.

Ya pamanja imakhala yozungulira, yopserera m'mbali, ndipo mtengo wake ndi wobaya. Kawirikawiri tirigu wake amamulondera kuyambira tsiku lokolola kuti asanyowe. Ya makina ndi yamakona anayi, yotsika mtengo. Isaac Singer atapanga makina ake ku France mu 1838, arabi, aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda, anagawanika. Ena anati chitsulo sichingaphike ndi cholinga chokwaniritsa lamulo la chipembedzo, komanso chilanda ntchito amayi osauka. Anzawo anati liwiro la makina ndilo limateteza mtanda kuti usafufume.

Mfundo ya liwiroyi ndiyo imandigwira mtima. Komabe pa Seder, mgonero wa usiku woyamba, mabanja ambiri osunga mwambo amatulutsa ya pamanja.