Mafunde a 3 MHz ndi a 12 MHz Pojambula M'thupi

Mafunde a phokoso a makina a ultrasound, amene amajambula za m'kati mwa thupi, amafooka akamalowa m'thupi, chifukwa minofu imamwa mphamvu yawo n'kuisandutsa kutentha, pamene mphamvu ina imamwazika. M'minofu yofewa amataya pafupifupi 0.5 dB (dB ndi muyeso wa kufooka kwa mafunde) pa sentimita iliyonse pa MHz iliyonse (MHz imodzi ndi kugwedezeka kwa mafunde maulendo miliyoni imodzi pa sekondi). Motero mafunde a 12 MHz amataya ma dB owirikiza kanayi pa sentimita iliyonse poyerekeza ndi a 3 MHz. A 12 MHz amaonetsa bwino kwambiri chithokomiro ndi mitsempha ya pansi pa khungu, koma sapita patali. A 3 MHz amafika pachiwindi, impso ndi mwana wosabadwa, ngakhale kuti tinthu ting'onoting'ono sitioneka bwino pachithunzi chake. Ndikuona kuti wojambula azisankha MHz yokwera kwambiri imene ingafikebe pachiwalo chofunikacho, ndipo aziitsitsa akamajambula wodwala wonenepa, chifukwa mafuta amatalikitsa ulendo wa mafundewo.