Opaleshoni yochotsa magazi oundana ija: mmene zinayendera ndi achimwene ku Joni

Azimayi akumvano komanso maneba kuno ku Chinamwali mwakhala mukundifunsa kuti kodi achimwene ku Joni kuja anawachita chani kuti abwere akuyenda ndi miyendo yawo, poti uthenga oyamba omwe unafika kuno unali oti tiziyamba kusonkha ndalama zobweretsera thupi. Ndiye ndati ndingofotokoza kamodzi, zabwino ndi zoipa zomwe, dzina la chipatala sinditchula.

Tsikulo anadzuka ndi chizungulire, akusanza. Alamu anangoti mwina ndi zakudya za dzulo, anawapatsa panado basi. Pofika masana akuti ayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, kapu imodzi patebulo iwo akuona makapu awiri, lilime lalemera, akaimirira akudzandira ngati munthu ochokera ku kachasu pomwe mowa sanaulawepo chibadwire. Pakamwa sipanapindike ngati sitiroko yomwe tinaizolowera ija, ndiye palibe anaganiza za sitiroko, ndipo apa ndi pomwe panatayikira maola ambiri. Abwana awo ndi omwe anabwera kudzawanyamula ataona kuti foni sakuyankha bwino, mwayi wake anawalembetsa pa medical aid ya kuntchito.

Poyamba ndiyamikire liwiro. Alamu akuti atangofika sanawauze zokhala pa benchi ayi, anawathamangitsira ku CT scan, makina ojambula mkati mwa mutu, anawabaya mankhwala oti mitsempha ioneke bwino pa chithunzi ndipo pompo anapeza kuti mtsempha otchedwa basilar watsekeka. Mtsempha umenewu uli cha kunkhongo, mitsempha iwiri yokwera m'khosi imakakumana nkupanga umodzi, ndipo ndi omwe umadyetsa tsinde la ubongo, pomwe pamayendetsa kupuma, kumeza, maso komanso kuti munthu akhale ali maso osakomoka. Ukatsekeka ambiri amamwalira, ena amatsala akumva chilichonse koma thupi lonse lili zii, kuyankha ndi zikope zokha. Jakisoni osungunula magazi uja amafuna munthu afike pasanathe maola 4 ndi theka, achimwene anali atapitirira kalekale, ndiye njira inatsala ndi yokakoka chotsekacho.

Ine kumva zoti opaleshoni ya mutu ndinkaona ngati awang'amba chigaza. Ayi ndithu. Amaboola pang'ono m'mphechepeche, kulowetsa kapaipi kowonda ngati chingwe cha chaja mu mtsempha waukulu wa mwendo, nkumakakankha pang'onopang'ono akuyang'ana pa sikilini mpaka kukafika kunkhongo. Kumeneko amatulutsa kaukonde ka waya kamene kamakola magazi oundanawo nkukoka, nthawi zina amachita kuyamwa ndi pampu. Dzina lake ndi thrombectomy. Ine nditafika patapita masiku atatu, nditatopa ndi basi ya pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, chizindikiro cha opaleshoniyo chomwe ndinapeza pathupi pawo ndi kapulasitala kamodzi basi. Alamu anandionetsa chithunzi pa foni, kanthu kofiirira kali pa thonje, kukula kwake ngati njere ziwiri za mpunga. Ndinalira ine. Kanthu kochepa chonchi nkumafuna kutilanda munthu olera ana asanu ndi mayi athu omwe.

Adokotala ake ndimawapatsa ulemu chifukwa sanatinamize. Anandionetsa zithunzi ziwiri, choyamba mtsempha ukungothera panjira ngati Likangala atamutseka ndi zinyalala pa mlatho, chachiwiri tinthambi tonse tadzadza. Koma anati mayi, kutsegula mtsempha sikuti munthu wachira, mbali ya ubongo yomwe yafa siibwerera. Anatchula kafukufuku muwiri wa ku China yemwe anatuluka mu 2022, ATTENTION ndi BAOCHE. Mu ATTENTION munali odwala 340 ofika pasanathe maola 12, ndipo pa 100 aliwonse omwe anawakoka magaziwo, 46 pakutha pa miyezi itatu ankatha kuyenda okha, pomwe kwa omwe anangolandira mankhwala anali 23. Omwalira anali 37 pa 100 kuyerekeza ndi 55. BAOCHE inatenga ofika pakati pa maola 6 ndi 24 ndipo zotsatira zake zinali pafupifupi zomwezo, 46 kwa 24. Ndiye onani, ngakhale ndi makina onsewa munthu mmodzi mwa atatu amapitabe, komanso ena ochepa magazi amatayikira mu ubongo chifukwa cha opaleshoni yomweyo. Ine ndinakonda kuti anatiuza poyera, osati zongotisisita.

Manesi a ku ICU nawonso ndilibe nawo mawu. Sabata yoyamba achimwene samatha kumeza, amadyera kapaipi ka m'mphuno, ndipo tsiku lina ndinabisa kaphala mu fulasiki kuti ndiwamwetse, nesi wina anandigwira dzanja mwaulemu nkundifotokozera kuti phalalo likhoza kulowera kumapapo nkuyambitsa chibayo. Anandikhazika pansi nkundionetsa mmene amayesera ndi kasupuni kamodzi ka madzi, chala chili pakhosi. Mpaka lero ndimamuthokoza mtsikana ameneyo.

Tsopano zomwe zinandinyansa. Fomu yovomereza opaleshoni anawapatsa alamu mu chingerezi chokhachokha, masamba angapo, munthu akunjenjemera, palibe omasulira, ndiye anachita kundiimbira pa WhatsApp usiku ine ndili kuno netiweki ikudukaduka, ndikumasulira mawu oti ngakhale ineyo sindinawamvepo. Ndikudziwa nthawi inali yochepa koma a Malawi ku Joni ndi ambirimbiri, kupeza munthu mmodzi othandiza pa foni sichinali chinthu chovuta. Chachiwiri ndi ofesi ya ndalama. Munthu ali pa makina iwo akubwera ndi mapepala oti medical aid yakana ichi, yalipira theka la ichi, ndipo adokotala ogonetsa, a scan, a magazi, aliyense bilu yakeyake. Pakanapanda abwana aja tikanagulitsa munda wa ku Jali. Chachitatu, potuluka anangotipatsa kalata ndi mankhwala a mwezi umodzi, titawauza kuti munthuyu akubwerera ku Malawi palibe anakhala nafe pansi kutiuza kuti fizo, zolimbitsa thupi zothandiza kuti ziwalo zibwerere mwakale zija, apitirize bwanji. Zithunzi za scan tinachita kukakamira kuti atiikire pa CD, ndipo mukakhala inu musachoke osatenga, adokotala a kuno anazifuna tsiku loyamba lomwe.

Pa 10 ndikuwapatsa 8. Manja a adokotala ndi manesi ndi 10 yonse, ziwirizo zathera ku ofesi ya mabilu ndi fomu ija.

Chomwe chimandisowetsa tulo nchoti zikanawachitikira ali kuno pa holide, ife tikanayamba ndi LA kuganiza malungo, kenako mapemphero, mawa lake ndi pomwe tikanasaka galimoto. Ndiye chonde abale, munthu makamaka wa BP kapena shuga akayamba chizungulire chadzidzidzi pamodzi ndi kuona ziwiriziwiri, kulankhula movutikira kapena kutsamwa ndi madzi, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, mukanene kuti mukukayikira sitiroko komanso ola lomwe zinayamba, chifukwa funso loyamba la adokotala limakhala limenelo.

Pano achimwene ali nafe, mankhwala a BP ndi aspirin sakuphonya, ndimachita kuwawerengera ndekha m'mawa uliwonse. Diso lakumanzere likuvutabe madzulo akatopa, galimoto anawaletsa kaye. Wa fizo amabwera kawiri pa sabata, amawayendetsa pa mzere omwe tinajambula ndi makala pakhonde. Loweruka lapitali anayenda okha ndi ndodo mpaka pamsika wa Chinamwali kukagula matemba, pobwera anandiuza kuti achemwali, mawa ndikufuna nsima ya mgaiwa, phala ndatopa nalo.